UFA WOYERA NDI MPHODZA ZA ESAU

Uthenga wolalikidwa pa wailesi kwa abale a m'maesiteti a tiyi ku Thyolo
Malemba: Genesis 25:29-34, Yohane 11:38-44

Moni kwa inu amayi ndi abambo amene mwaweruka kothyola tiyi msana ukuwawa. Moni kwa inu a ku fakitale amene mukugwira ya usiku, kwa alonda amene kawailesi kali m'thumba la jasi, kwa akapitawo, ndi kwa inu achinyamata. Kaya muli ku Satemwa, ku Conforzi, ku Naming'omba, ku Makwasa, pa Bvumbwe, ku Luchenza, ku Thekerani kapena pa boma penipeni, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Amen.

Usiku uno tikamba za kokeni, ufa woyera uja, ndi zimene amachita akalowa mu ubongo wa munthu. Ndikudziwa wina wanena kale mumtima kuti, "Abusa, kodi mwasowa cholalikira? Kokeni ndi wa anthu a ndalama a m'tauni. Ife kuno malipiro amatha tisanagule n'komwe sopo." Mwanena zoona, m'bale wanga, koma musatseke wailesi. Ana athu ali ku Limbe, ku Lilongwe, ku Joni, ndipo kumeneko ufawu akukumana nawo. Ena akunyengedwa kuti aunyamule pa ndege. Ndiponso njira imene kokeni amadzera mu ubongo ndi yomweyo imene kachasu, chamba, fodya ndi juga zimadzera. Mukamvetsa za kokeni, mumvetsanso za bambo wa m'nyumba mwanu amene tsiku la malipiro safika pakhomo.

ESAU NDI MBALE IMODZI

Nkhani ya pa Genesis 25 mukuidziwa. Esau wachokera kuthengo, watopa, njala yamupweteka. Wapeza mng'ono wake Yakobo ataphika mphodza zofiira, fungo lili guu. Yakobo akumuuza mtengo wake, ndipo mtengowo ndi ukulu wake wonse: cholowa, dalitso, dzina la banja. Esau akudziona ngati munthu amene afa pompano akapanda kudya. Walumbira, wadya, wamwa, wanyamuka.

Tsopano ndikufunseni. Kodi Esau anali chitsiru? Ayi. Anali mlenje wodziwa thengo, munthu wotha kutsata phazi la nyama tsiku lonse. Kodi akanafadi ndi njala ya tsiku limodzi, m'mudzi wa Isake, munthu wolemera chotere? Ayi ndithu. Koma pa mphindi imeneyo mbale inakula m'maso mwake, tsogolo linachepa. Kalata ya kwa Ahebri, mutu 12, imatiuza kuti pambuyo pake dalitsolo analifuna akulira, koma zinali zitatha. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Chimene chimakulitsa mbale ndi kuchepetsa tsogolo m'maso mwa munthu, madokotala lero akutha kuchiona ndi makina. Tiyeni tichione limodzi, pakuti ubongo anaulenga ndi Mulungu, ndipo kudziwa mmene anaupangira si tchimo.

MASAMBA AWIRI A M'MAPIRI

Inu a ku Thyolo nkhani ya tsamba mumaidziwa kuposa wina aliyense. Kokeni naye amachokera ku tsamba. Ku South America, m'maiko a Colombia, Peru ndi Bolivia, kuli chitsamba chotchedwa koka. Chimalimidwa m'mapiri, masamba ake amathyoledwa ndi manja, ndipo othyolawo ndi anthu osauka ngati ife. Anthu a kumeneko akhala akutafuna tsambali kwa zaka zikwi kuti achepetse njala ndi kutopa, ndipo mu tsamba lokha mankhwala ake ndi ochepa kwambiri, nthawi zambiri osafika gawo limodzi pa magawo 100.

Mu 1860, ku Göttingen m'dziko la Germany, katswiri wina dzina lake Albert Niemann anatha kupatula mankhwala a mu tsambali, nakhala nawo paokha. Mu 1884 dokotala wa maso Karl Koller ku Vienna anapeza kuti akadontheza m'diso limachita dzanzi, munthu n'kuchitidwa opaleshoni osamva kuwawa. Anthu anakondwa, anati apeza mankhwala odabwitsa. Anayamba kuwathira mu vinyo ndi m'zakumwa. Ngakhale Coca-Cola woyamba wa mu 1886 anali nawo pang'ono, mpaka anawachotsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Wa lero mulibe. Sipanapite nthawi, madokotala ena omwe ankawatamawo anali akapolo ake. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Lero opanga kokeni mobisa amanyika masambawo mu petulo, amasakaniza ndi simenti ndi asidi, masamba makilogalamu mazanamazana n'kutulukamo kilogalamu imodzi. Tiyi wathu naye ali ndi kamankhwala kochangamutsa, kafini, koma kamagwira mofatsa ndi mwa njira ina. Kokeni ndi mphamvu ya mulu wonse wa masamba yopanikizidwa mu kaufa kokwana pa chikhadabo.

MTHENGA WOTCHEDWA DOPAMINI

Tamverani bwino pano. Mu ubongo wanu muli timaselo pafupifupi 86 biliyoni. Timaseloti timalankhulana, koma sitigundana. Pakati pa kaselo aka ndi kanzake pali kampata kakang'ono kosaoneka ndi maso. Kuti uthenga uwoloke, kaselo koyamba kamatulutsa timadzi ta mankhwala, timadziti n'kukakhudza timakutu tolandirira ta kaselo kachiwiri. Mmodzi mwa amithenga amenewa ndi dopamini. Amene anaonetsa kuti dopamini ndi mthenga payekha ndi Arvid Carlsson wa ku Sweden, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo mu 2000 analandira mphoto ya Nobel.

Ntchito ya dopamini ndi yotani? Mkati mwenimweni mwa ubongo muli timaselo timene timamutumiza ku malo otchedwa nucleus accumbens, ndiponso kutsogolo, kuseri kwa chipumi. Mukadya nsima muli ndi njala, mukamwa madzi dzuwa litaswa mtengo, mwana wanu akakhoza mayeso, mukaona dengu lanu lalemera bwino pa sikelo, dopamini amatuluka. Uthenga wake ndi wakuti: ichi n'chofunika, chikumbukire, udzachifunenso. Ndi iyeyu amene amakudzutsani mbandakucha kupita kumunda. Popanda iye munthu sakanalima, sakanafunsira, sakanalera mwana. Ndi mphatso, abale. Nenani Amen.

Mu 1954, ku McGill University mu mzinda wa Montreal ku Canada, James Olds ndi Peter Milner anaika kawaya mu ubongo wa khoswe. Khosweyo akaponda kachitsulo, kamphamvu ka magetsi kankagwedeza malo a chisangalalo aja. Anaponda, napondanso, mpaka kuposa ka 1,000 pa ola limodzi. Ofufuza ena pambuyo pake anaona makoswe anjala akusiya chakudya chili pomwepo n'kumapondabe kachitsulo. Mwamuona Esau? Apo ndiye anthu anadziwa kuti mu ubongo muli njira imene ikagwidwa molakwika, cholengedwa chimaiwala ndi moyo wake womwe.

THIRAKITALA IKAPANDA KUBWERA

Tsopano tafika pa mutu weniweni. Uthenga ukaperekedwa, uyenera kutha, kuti wina udzamveke. Mulungu anaika pa khoma la kaselo kotumiza kaja timapuloteni tonyamula, timene madokotala amatitcha dopamine transporter. Ntchito yake ndi kutola dopamini mu kampata kaja n'kumubwezera kumene anachokera, kuti asungidwe adzagwirenso ntchito. Zimachitika mwachangu, ngati kuphethira kwa diso.

Inu mukudziwa zimene zimachitika pa sikelo. Mwathyola, mwayezetsa, tiyi waunjikidwa. Thirakitala imabwera, imanyamula, pamalo payera, mawa alandirenso wina. Nanga thirakitala ikapanda kubwera, othyola akungobweretsabe? Mulu umakula, mkati mumatentha, tsamba limafiira, limapsa. Tiyi wabwinobwino wawonongeka chifukwa chosowa womunyamula.

Kokeni akalowa m'magazi n'kufika mu ubongo, amakakakamira pa timapuloteni tonyamula tija n'kutitseka. Thirakitala yaima. Dopamini akutulukabe, womutola palibe. Amaunjikana mu kampata, n'kumangomenya timakutu tija mobwerezabwereza: chofunika, chofunika, chofunika! Ndiye munthu amamva ngati dziko lonse ndi lake. Tulo palibe, njala palibe, pakamwa sipatseka, amadziona wanzeru kuposa onse. Dziwani ichi: kokeni sabweretsa chimwemwe chilichonse chochokera kunja. Dopamini amene akusefukirayo ndi wanu yemwe, wochokera mu nkhokwe yanu. Wakuba wakuphikirani phwando ndi chimanga chanu chomwe.

Izi si nthano. Mu 1987 Michael Kuhar ndi anzake ku Baltimore anaonetsa kuti mankhwala a mtundu wa kokeni akamagwira kwambiri pa kapuloteni aka, m'pamenenso nyama zimawafunitsitsa. Mu 1996 ku Duke University, gulu la Marc Caron linabereketsa mbewa zopanda kapuloteni kameneka. Mbewazo zinali zosakhazikika, zongothamangathamanga, ndipo dopamini ankakhalitsa mu kampata nthawi yotalika ka 100 kuposa mwa mbewa zina. Mu 1997 dokotala Nora Volkow ndi anzake, ku Brookhaven ku New York, anajambula ubongo wa anthu ogwiritsa ntchito kokeni. Anapeza kuti munthu amayamba kumva kukoma kuja pamene pafupifupi theka la timapuloteniti tatsekedwa, ndipo mlingo umene anthu amakonda kutenga umatseka pakati pa 60 ndi 77 pa 100 tilitonse.

Nanga kukomako kumakhala nthawi yaitali bwanji? Wofwenkha ufa m'mphuno, mphindi 15 mpaka 30. Wosuta wa timiyala uja amati crack, amafika mu ubongo m'masekondi ochepa, ndipo pakatha mphindi 5 kapena 10 zatha. Kenako munthu amagwa pansi: kukhumudwa, kukwiya, mantha, kutopa. Thupi limafuula kuti onjeza. Ndiye amaonjeza, naonjezanso, mpaka ndalama zitatha kapena thupi litakana. Ukulu wonse, pa mbale ya mphindi khumi.

UBONGO UKATSEKA MAKUTU

Munthu womanga pafupi ndi chigayo, masiku oyamba sagona. Pakapita miyezi amazolowera phokoso. Koma mukamulankhula monong'ona, samva. Ubongo nawo umachita chimodzimodzi. Ukamenyedwa ndi phokoso la dopamini tsiku ndi tsiku, umadziteteza pochepetsa timakutu tolandirira tija. Volkow yemweyo anajambula zimenezi: anthu ozolowera kokeni anali ndi timakutu tochepa kuposa anzawo, ndipo tinali tochepabe patatha miyezi itatu kapena inayi atasiya.

Zotsatira zake ndi ziwiri. Mlingo wa dzulo lero sukwanira, ndiye amaonjezera. Ndiponso zokoma wamba za moyo zimasanduka manong'onong'o osamveka. Nsima ya mayi ake sikoma. Mwana wake akamuthamangira, mumtima muli zii. Mpira, nyimbo, kucheza, mapemphero, zonse zimazizira. Apa munthu sakufunanso ufawo kuti akondwe. Akuufuna kuti angomva ngati munthu. Amayi amene mumalira kuti mwana wanga sandikondanso, mverani: makutu a mumtima mwake agonthetsedwa. Chikondi chanu chikulankhula, koma chigayo chikulira.

Palinso china. Wolfram Schultz, akugwira ntchito ku Fribourg m'dziko la Switzerland m'zaka za m'ma 1990, ankapatsa anyani madzi a zipatso atayamba wayatsa kanyali kapena kuliza kabelu. Poyamba timaselo ta dopamini tinkadzuka madziwo akafika pakamwa. Anyaniwo ataphunzira, tinayamba kudzuka pongoona kanyali, madzi asanabwere. Ndiye kuti chilakolako chimayaka ndi chizindikiro chabe. Kwa Esau linali fungo la mphodza. Kwa mwana wathu ndi ngodya ija ya msika, mnzake uja, nyimbo ija, nambala ija ikalira pa foni. Kwa bambo uja ndi tsiku la malipiro lenilenilo: ndalama isanalowe n'komwe m'thumba, kukhosi kwauma kale. N'chifukwa chake munthu amalumbira Lamulungu pa guwa ndi misozi yeniyeni, Lachisanu n'kugwanso. Sanali kunama pa guwa paja. Anabwerera pa njira yodzala ndi zizindikiro, ali yekha.

Ndipo mbali ya ubongo ya kuseri kwa chipumi, imene ili ngati kapitawo woyang'anira zofuna zathu, imene imati dikira, ganizira za mawa, nayonso imafooka mwa munthu wozolowera mankhwalawa. Chilakolako chakula, kapitawo wafooka. Mtumwi Paulo pa Aroma 7 akufotokoza nkhondo ya munthu amene amafuna chabwino koma amapezeka akuchita chimene amadana nacho. Amene anakhalapo ndi chidakwa m'nyumba, mutu umenewu sasowa womumasulira. Mbali imeneyi imamaliza kukhwima munthu ali ndi zaka za m'ma 20, ndiye poyambira mankhwala pa zaka 14 kapena 15, mnyamata akumenya kapitawo amene sanakule n'komwe.

MTIMA NAWO SUPULUMUKA

Kokeni satseka thirakitala ya dopamini yokha. Amatsekanso ya mthenga wina amene amathamangitsa mtima ndi kufinya mitsempha ya magazi. Mtima umagunda mothamanga, BP imakwera, pamene mitsempha yodyetsa mtimawo yafinyika. Mnyamata wa zaka 25 akhoza kugwa ndi matenda a mtima kapena sitiroko, ngakhale pa tsiku loyamba kulawa. Akaphatikiza ndi mowa, chiwindi chimapanga poizoni wina watsopano amene amakhalitsa m'magazi ndi kupweteka mtima koposa. Ndipo wogulitsa sakuuzani zimene wasakanizamo kuti ufa uchuluke.

ZA PAKHOMO PATHU

Tsopano tibwere kuno kwathu. Kachasu satseka thirakitala monga kokeni, fodya ndi chamba nazo zili ndi zitseko zake, koma zonsezi zimathera pa bwalo limodzi: zimakweza dopamini mu njira yomwe ija. Juga nayo, ngakhale simeza kanthu. Kandege ka pa foni kaja kamakoka chifukwa simudziwa ngati mupata kapena ayi, ndipo kusadziwako kumadzutsa dopamini. Ku Joni ana athu akukumana ndi nyaope, imene muli heroin, ndi tik, amene amachita zoposa kokeni: amatembenuza thirakitala ija kuti m'malo motola dopamini izimukhuthulira panja. Kokeni ali ndi ukali wake, ndipo sindikunena kuti zonse n'zofanana mphamvu. Ndikunena kuti khomo la mtima limene zimagogoda ndi limodzi.

Wina akuti boma linavomereza chamba. Lamulo la mu 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa amene ali ndi chiphaso. Silinalole kusuta. Musanamizidwe.

Ndipo inu atsikana ndi anyamata osowa ntchito, tcherani khutu. Apolisi akhala akugwira anthu ndi kokeni pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe ndi la Chileka ku Blantyre. Dziko lathu ogulitsa amaliyesa njira yodutsamo, ndipo amafuna onyamula. Munthu akabwera ndi nkhani yakuti ndikupangira pasipoti, tikiti ndilipira ine, ungokatenga chikwama ku Brazil, kapena ungomeza timapaketi iti, thawani. Kapaketi kamodzi kakaphulika m'mimba, munthu akhoza kufa asanafike kuchipatala. Maiko ngati China, Singapore ndi Indonesia amapereka chilango cha imfa pa milandu ya mankhwalawa. Mu 2011 mayi wina wa ku South Africa anaphedwa mwalamulo ku China atapezeka ndi mankhwala m'chikwama chake. Wokutumayo amakhala akudya nsima kwawo. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Umphawi ndi wowawa, ndikudziwa, koma mayi ako angakonde uwabweretsere sopo wa ganyu kusiyana ndi kulandira uthenga wa ku ndende ya kutali.

LAZARO WATULUKA, NSALU ZIKADALIPO

Kodi pali chiyembekezo? Chilipo! Aleluya! Inu mumadulira tiyi m'chilimwe. Mlendo akadutsa amati mundawu wafa, pangotsala zitsa. Koma inu mumadziwa kuti muzu uli moyo, ndipo pakapita masabata mphukira zimatuluka. Ubongo nawo Mulungu anaupatsa mphamvu yophukira. Mu 2001 Volkow ndi anzake anajambulanso ubongo wa anthu amene anasiya tik, ndipo patatha chaka ndi miyezi ingapo timapuloteni tonyamula tija tinali titabwereranso kwambiri. Mwamva nthawi yake? Chaka ndi miyezi. Ndiye m'bale akasiya sabata ziwiri n'kumati moyo sukukoma, musamuuze kuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Muuzeni kuti chitsa chikuphuka, apirire. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa Yohane 11 Yesu anaitana Lazaro, ndipo wakufayo anatuluka m'manda ali wamoyo. Koma anatuluka atakulungidwabe nsalu za maliro, manja ndi miyendo zomangika. Yesu sanazimasule yekha. Ntchito imeneyo anaipereka kwa anthu amene anaima pamenepo. Kuukitsa ndi kwa Ambuye, kumasula nsalu ndi kwa mpingo. Ife a Pentekoste timakhulupirira kumasulidwa, ndipo Mulungu amathyoladi magoli. Koma tikapempherera munthu n'kumusiya abwerere yekha ku malayini ndi malipiro m'thumba, tamusiya Lazaro ali m'nsalu.

Nanga nsaluzo timamasula bwanji?

Choyamba, lekani kubisa. Banja limathamangira kunena kuti mwana walodzedwa, n'kutha mbuzi ndi nkhuku kwa asing'anga, n'kudana ndi agogo osalakwa, pamene vuto lili m'thumba la buluku lake. Litchuleni dzina lake vutolo, mwachikondi, iye ali bwinobwino, osati ataledzera.

Chachiwiri, pitani naye kuchipatala. Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali sing'anga, ndipo Paulo sanamuuze kuti asiye ntchito yake. Yambani pa chipatala chaching'ono cha pafupi, kapena pa chipatala cha boma cha Thyolo, kapena ku Malamulo, mufunse za aphungu ndi anamwino oona za matenda a maganizo. Iwo akhoza kukutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandizanso anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Piritsi lochiza chizolowezi cha kokeni silinapezeke, chimene chimathandiza ndi uphungu, kuyang'aniridwa ndi anthu oyenda naye. Ndipo mverani chenjezo ili: munthu amene wamwa mowa kwambiri tsiku lililonse kwa zaka, akasiya mwadzidzidzi akhoza kunjenjemera, kuona zinthu zopanda pake, kukomoka ngati wa khunyu, ngakhale kufa kumene. Ameneyo asamutsekere m'chipinda kapena kumutengera kuphiri kukasala kudya. Apite kuchipatala. Wosiya kokeni amagwidwa ndi kukhumudwa kwakukulu. Akayamba kulankhula zodzipha, musamusiye yekha, thamangani naye kwa adokotala tsiku lomwelo. Ndipo amene wapatsidwa mankhwala a kuchipatala, mlaliki aliyense asamuuze kuti awataye.

Chachitatu, chotsani zizindikiro. Asinthe njira yobwerera kunyumba. Afufute manambala aja. Tsiku la malipiro asayende yekha: mkulu wa mpingo kapena mkazi wake akhale naye, ndalama ya ufa, ya fizi ndi ya feteleza ipatulidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Mutu umodzi susenza denga.

Chachinayi, dzazani malo amene atsala. Yesu pa Mateyu 12 anachenjeza za nyumba yosesedwa koma yosiyidwa yopanda wokhalamo. Munthu wosiya mankhwala ali ndi maola ambiri opanda chochita ndi mtima wozizira. Mupatseni dimba, mulowetseni mu kwaya, mu timu ya mpira, mumuitane kudzadya nanu. Poyamba sadzamva kukoma. Pitirizani. Timakutu tija timaphunziranso kumva mawu apansipansi.

Chachisanu, akagwa mudzutseni. Kugwanso kumachitika kawirikawiri pa ulendo umenewu, ndipo sikutanthauza kuti pemphero linalephera. Funsani chimene chinamugwetsa, mutseke mpata umenewo, muyambenso. Koma chikondi si kumupatsa ndalama yogulira, ndipo inu amayi amene mukumenyedwa, kudziteteza pamodzi ndi ana anu si kusakhulupirika kwa Mulungu. Uzani akulu a mpingo, uzani apolisi.

Iwe mwana wanga amene ukumvera uli wekha, kaya ku Thyolo kuno kaya ku Joni kudzera pa foni, ndikulankhula nawe. Esau analira osapeza njira, koma iwe ukadali ndi mpweya, ndipo khomo la Yesu silinatsekedwe. Mawa lomwe uza munthu mmodzi wodalirika zoona zonse. Uyambire pamenepo.

Tiyeni tipemphere.

Atate wathu wakumwamba, Inu amene munaumba ubongo wa munthu ndi timaselo take tonse, tikubweretsa kwa Inu ana athu, amuna athu, akazi athu, amene amangidwa ndi kokeni, kachasu, chamba ndi juga. Thyolani goli m'dzina la Yesu. Bwezeretsani kukoma kwa chakudya, kukoma kwa banja, kukoma kwa ntchito ya manja awo. Tchinjirizani atsikana ndi anyamata athu kwa anthu owanyenga ndi maulendo a imfa. Limbikitsani amayi amene atopa ndi kulira. Dalitsani madokotala, anamwino ndi aphungu. Ndipo ife mpingo wanu mutipatse manja odekha omasula nsalu, mwezi ndi mwezi, osatopa. M'dzina la Yesu Khristu tapemphera. Amen.

Ambuye akudalitseni nonse. Mugone bwino, a usiku mugwire bwino ntchito, tidzakumanenso sabata ya mawa nthawi ngati yomweyi.